KODI MPHATSO IMASULA KAPENA IMANGA?

Abale, pa bwalo timva kawiri-kawiri kuti wodya za m'manja mwa mnzace sakhala mfulu. Tsono pakumva kuti mabungwe a cifundo apatsa ndarama akazi ndi asungwana kuti aime paokha, tizizwa. Kodi munthu angaime yekha pamene amciimika ndi mwini cuma?

Tiyese mlanduwu ndi cinthu cocitikadi. M'caka ca 1991 mai wina wa ku Britain, Ann Cotton, anafika ku Zimbabwe kudzafunsa cifukwa cace asungwana a kumidzi sapitirira ndi sukulu. Ambiri ankati makolo safuna. Iye anapeza kuti mlandu uli pa umphawi: atate okhala ndi ndarama za mwana mmodzi yekha asankha mnyamata. M'1993 anayamba kulipirira asungwana 32, ndipo nchitoyo inakula nikhala bungwe la CAMFED, limene linafika ku Malawi kuno m'2009.

Zikadalekera pamenepo tikadakayikabe, pakuti msungwana wotsiriza maphunziro wopanda kanthu m'manja agwa msanga kwa mwamuna ali yense womgulira sopo. Cotitembenuza mtima ndi ici. M'1998 asungwana othandizidwawo anapangana cigwirizano cao, dzina lace CAMA, nayamba kulandira kandarama koyambira malonda. Ndipo pa phindu lao locepalo iwo eni anayamba kulipirira ana a anansi ao, amene wopatsa woyamba uja sanawaone ndi maso. Mmodzi wa othandizidwa oyambawo, Angeline Murimirwa, anakhala mkuru wa bungwe lonse m'2023. Ife titi, mphatso yotere siinamange munthu, pakuti wolandira walowa m'malo mwa wopatsa. Sitinena za mphatso zonse iai. Alipo opatsa okonda dzina lao pa cikwangwani koposa mwanayo, ndipo iwo afuna kuti wolandira adzabwerenso mawa.

Tidziwanso cimene amuna ena ang'ung'udza, kuti mkazi wa ndarama zace anyoza mwamuna. Amuna anzathu, tisadzinyenge. Ulemu umene mkazi aucita cifukwa alibe kothawira, kodi tiuyese ulemu? Ndipo tsiku limene tidzaikidwa m'manda, abale athu nadzanyamula mbuzi ndi malata a nyumba, monga taona m'midzi yambiri, ana athu adzadya ciani ngati amao sanagwirepo ndarama yao-yao?