Ana Awiri pa Manda a Atate Awo

Kuwerenga: Genesis 21:8-21 ndi Genesis 25:7-10



Ndiyambe ndi kuulula. Mu Okutobala 2023, itamveka nkhani yakuti gulu la Hamas lalowa m'dziko la Israel, lapha anthu pafupifupi 1,200 ndi kutenga ena pafupifupi 250 ngati chikole, ine ndinatsogolera pemphero pa msonkhano wathu. Ndinapempha mwamphamvu kuti Mulungu aphwanye adani a Israel, ndipo amayi anavomera ndi Amen wamkulu. Patapita masabata angapo, mtsikana wina wa m'kalasi langa anakweza dzanja nati, "Madamu, nanga ana amene akufa ku Gaza aja, akamalira Mulungu sawamva?" Ndinamuuza kuti nthawi yatha. Kunena zoona, ndinalibe yankho.

Yankho linali m'buku limene ndakhala ndikuliwerenga kuyambira ubwana wanga. Tsegulani Genesis 21. Sara wauza Abrahamu kuti achotse Hagara ndi mwana wake Ismayeli. Abrahamu wawapatsa mkate ndi thumba la madzi, basi. Madzi atha m'chipululu. Hagara wasiya mnyamatayo pansi pa chitsamba, nakakhala chapatali chifukwa sangathe kupenya mwana wake akutsirizika. Inu amene munagonapo m'chipatala mutafukata mwana wodwala malungo, mtima wa mayi ameneyu mukuudziwa. Ndipo vesi 17 ikutiuza kuti Mulungu anamva kulira kwa mnyamatayo. Pangano linali pa Isake, zimenezo sitingasinthe. Koma khutu la Mulungu linafika ndi kwa mwana wopirikitsidwa uja. Dzina lakuti Ismayeli limatanthauza kuti Mulungu amamva.

Tsopano pitani ku mutu 25. Abrahamu wamwalira ali ndi zaka 175. Ndani akumuika m'manda? Isake ndi Ismayeli, onse awiri. Mundilole ndiwerengetse pang'ono, uphunzitsi suchoka m'magazi. Abrahamu anabereka Ismayeli ali ndi zaka 86, Isake ali ndi zaka 100. Ndiye kuti pa malirowo Ismayeli anali ndi zaka 89, Isake 75. Nkhalamba ziwiri za imvi, zonyamula thupi limodzi. Ndipo taganizirani kumene analinyamulira: kuphanga la Makipela, kumene kunali kutagona kale Sara, mayi yemwe uja anathamangitsa Ismayeli ndi amayi ake. Ismayeli anali ndi chifukwa chokwanira chokanira kupondako. Anabwerabe. Baibulo silikunena kuti anakambirana zakale, kapena kuti wina anapepesa. Likungonena kuti anaika atate awo. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiwola.

Malo amene Ayuda, Asilamu ndi Akhristu amawalemekeza kuti ndiwo manda amenewa alipo mpaka lero mumzinda wa Hebron. Mu Febuluwale 1994 Myuda wina, Baruch Goldstein, analowamo ndi mfuti napha Asilamu 29 ali m'mapemphero. Kuchokera pamenepo nyumbayo inagawidwa pakati, mbali ina mzikiti, mbali ina sunagoge, asilikali ali pakhomo. Pamene ana awiri anaimirira pamodzi, zidzukulu zikulowera makomo osiyana.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti Mpalestina aliyense ndi mdzukulu wa Ismayeli, kapena kuti boma la Israel la masiku ano ndilo Israyeli wa m'Chipangano Chakale m'zonse. Ambiri a ife sitidziwa n'komwe kuti pakati pa Apalestina pali Akhristu anzathu. Mu Disembala 2023, mayi wina, Nahida Anton, ndi mwana wake wamkazi Samar anawomberedwa nafa m'bwalo la tchalitchi cha Katolika cha Holy Family ku Gaza, kumene anathawira nkhondo. Akadakhala a kuno, bwenzi tikugona nawo pa maliro ndi kuimba nawo usiku wonse.

Kodi mtendere ungabwere? Sindikunamizeni, njira ndi yaitali. Mu 1948, pokhazikitsidwa dziko la Israel, Apalestina oposa 700,000 anathawa kapena kuchotsedwa m'midzi yawo. Ayuda nawo anali atangotaya anthu 6 miliyoni ophedwa ku Ulaya. Aliyense ali ndi manda ake oloza. Mu 1993 Yitzhak Rabin ndi Yasser Arafat anagwirana chanza ku Washington, dziko lonse linaombera m'manja, koma mu 1995 Rabin anaphedwa ndi Myuda mnzake. Nkhondo imene inayamba mu 2023 inapha anthu oposa 60,000 ku Gaza pofika mu 2025, malinga ndi unduna wa zaumoyo wa kumeneko. Mu Okutobala 2025 panachitika pangano loleka kuwomberana, ogwidwa 20 amene anali moyo anabwerera kwawo, ndipo akaidi a Chipalestina pafupifupi 2,000 anamasulidwa. Tiyamike Mulungu. Koma nkhani ya malire, ya Yerusalemu, ya othawa kwawo ndi ya midzi ya Ayuda ku West Bank panganolo silinaithetse.

Chimene chimandipatsa chiyembekezo si atsogoleri ayi, koma ofedwa. Kuyambira 1995 kuli bungwe lotchedwa Parents Circle, la mabanja a mbali zonse ziwiri amene anataya abale awo pa mkanganowu. Mmodzi wa iwo ndi Robi Damelin, mayi wachiyuda wokulira ku South Africa. Mwana wake David, msilikali, anawomberedwa ndi Mpalestina mu 2002. Atamuuza za imfayo, mayiyo anakana kuti wina aphedwe m'dzina la mwana wake. Kuyambira pamenepo wakhala akuyenda ndi amayi a Chipalestina ofedwa, kulankhula kwa aliyense wofuna kumva. Ena amawatcha ogulitsa mtundu wawo. Ntchitoyi si yopepuka: Vivian Silver, mayi wa zaka 74 amene ankanyamula odwala a ku Gaza kupita nawo kuzipatala za ku Israel, anaphedwa ndi a Hamas pa 7 Okutobala pomwepo. Komabe pamene pali amayi oterewa, ndikuona Isake ndi Ismayeli atawerama pa manda amodzi.

Kukonda Israel si tchimo, amayi. Salimo 122 likutiuza kupempherera mtendere wa Yerusalemu. Koma m'Yerusalemu mukhala Ayuda, Asilamu ndi Akhristu, ndipo mtendere wa mzinda sungakhale wa khomo limodzi. Pa tsiku la Chigwirizano likubwerali, ndikupempha kuti mayi mmodzi apempherere ofedwa a ku Israel, wina ofedwa a ku Gaza, ndipo tonse tinene Amen kawiri konse ndi mawu ofanana.

Mtsikana uja ndinamuitana, tinawerengera limodzi Genesis 21:17, ndipo ndinamupepesa. Chatsala ndi china. Ine ndi alamu anga papita zaka zitatu tisakulankhulana chifukwa cha malire a munda wa mpunga, mizere iwiri yokha. Ndakhala ndikudikira kuti tidzakumane pa maliro a wina. Loweruka lino ndikupita kwawo tonse tikadali moyo. Mundikumbukire m'mapemphero anu.