Mwendo Unapita, Mwana Wanga Alipo

Ndikufuna kuchitira umboni zimene Mulungu wachita pa moyo wa mwana wanga wamwamuna.

Ali Fomu 2 anayamba kudandaula bondo lakumanja. Aliyense ankati wavulala ku mpira. Komatu ululu wake unkakula usiku, mwana n'kumabuula mpaka tambala kulira, ndipo chakumtunda kwa bondo kunatupa n'kuuma gwa. Ku chipatala cha Queens, ku Blantyre, anamujambula, n'kutapako kanyama ka chotupacho kukayeza. Anapeza khansa ya m'mafupa yotchedwa osteosarcoma. Adokotala anatifotokozera kuti imakonda achinyamata pa msinkhu umene akutalika msanga, makamaka m'mafupa oyandikana ndi bondo, ndipo akailekerera imathawira kumapapo.

Anatiuzanso kuti chotupa chikapezeka chisanazinge mitsempha ikuluikulu, nthawi zina amachotsa gawo lodwala la fupa n'kuikapo chitsulo kapena fupa lina, mwendo n'kupulumuka. Cha mwana wanga chinali chitazinga kale. Chotsala chinali kudula mwendo pamwamba pa bondo, ndi kulandira mankhwala amphamvu a khansa, aja timati kemo.

Ndinalira, abale. Achibale ena anati timuthawitse tikayese kwa asing'anga, poti izi n'za anthu. Ena, opemphera ndithu, anati kusaina pepala lodulitsa mwendo n'kuchepa chikhulupiriro. Mawu amenewa ndiwo anandilasa koposa. Ndinasala kudya, kudandaulira Mulungu kuti chotupa chiphwe. Sichinaphwe. Yankho linadzera pakamwa pa mwini wakeyo, atagona pabedi, atatha thupi: "Amayi, sainani. Mulungu sanandilenge mwendo wokha ayi." Mtendere umene unagwa mumtima mwanga tsiku limenelo sunali wochokera kwa munthu.

Kemo inamuvuta. Tsitsi linathothoka, ankasanza, chakudya osachifuna. Amayi a Mvano ankasinthana kubweretsa phala ndi kupemphera nafe m'wodi. Atamudula mwendo ankamvabe kuyabwa kuphazi limene kulibe, ndipo anamwino anatilimbitsa mtima kuti zimachitika kwa ambiri odulidwa chiwalo. Bala litapola anayamba kuyenda ndi ndodo, kenako anamuyeza mwendo wochita kupanga.

Lero wabwerera kusukulu, ndipo amaimba kwaya ataimirira. Tikapita kukamuunika pachifuwa, adokotala amati mapapo ali bwino. Ndinapempha mwendo, Yehova anandisungira mwana, ndipo anatero kudzera m'manja mwa madokotala. Ulemerero ubwerere kwa Iye!

Makolo anzanga, mwana akamamva kupweteka m'fupa kosaleka, makamaka usiku, kapena pakatupa osaphwa, musachedwe ndi kuthowa kapena kutema mphini. Pempherani, inde, koma pempherani muli panjira yopita kuchipatala. Wofika msanga, mwina ndi mwendo womwe adzaupulumutsa.