Nyanja Imodzi, Ngalawa Ziwiri



Imani pa doko la Likoma tsiku lofika Ilala. Sitimayi inapangidwa ku Scotland, niyamba kuyenda pa nyanja yathu m'caka ca 1951. Imatsitsa sopo, mcere, nsaru ndi mankhwala ocokera kutali, nisenza usipa wathu kunka kumtunda. Motero maiko onse akhala ngati mudzi umodzi.

Koma kumbukani kuti pa nyanja yomweyi panayenda ngalawa zina. Jumbe wa ku Nkhotakota ankaolotsa akapolo kunka nao ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Naonso anali malonda a maiko, koma malonda a misozi ndi mwazi.

M'caka ca 1967 Papa Paulo VI, m'kalata yace Populorum Progressio, anaphunzitsa kuti pangano la wolemera ndi wosauka silikhala lolungama cifukwa cokha cakuti onse abvomera. Wanjala amabvomera mtengo uli wonse. Cifukwa cace maiko olemera ali ndi mlandu pamaso pa Mulungu akagula zathu mocipa natigulitsa zao modula.

Nanga ife? Inu eni makoka, kodi alobvi opalasa usiku wonse mumawalipira moyenera? Inu ogula nsomba, kodi simupondereza msodzi pomuona ali ndi ngongole? Tisaloze cala kutsidya la nyanja manja athu ali akuda.

Akatekisti, phunzitsani izi Lamulungu likudzali. Cilungamo ca maiko ciyambira pa gombe lathu.