Wasaina, koma wavomera?

Tengani cholembera mulembe mawu awiri awa: mtengo wagwa. Mukam'patsa mlimi wa fodya amene mabelo ake ali ku okushoni ku Kanengo, agwira mutu. Mukawapatsa mayi amene nyumba yawo ili pansi pa mkuyu, athamanga kukaona denga. Pakamwa, mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timazisiyanitsa ndi kakwezedwe ka liwu, koma kalembedwe kathu sikaonetsa zimenezo. Khungu la pathupi ndi khungu la maso, chimodzimodzi. Ndiye taonani: m'Chichewa simungatchule bwino mawu ena musanamve zimene akunena.

Komabe chilankhulo chathuchi n'chosavuta kutchula, ndipo msampha uli pomwepo. Mwana akangogwira a e i o u, n'kudziwa kuphatikiza ba be bi bo bu, basi, tsamba lililonse alitha. Mupatseni nyuzi ya Chiswahili, aiwerenga mokweza inu n'kumuwombera m'manja, chonsecho sanatolepo kanthu. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ana m'sukulu anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, ndipo sindikufuna wina andimve molakwa. Koma mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 pansi pa mtengo (wa masamba uja) angafunse bwanji aliyense kuti wamvapo chiyani? Amawerenga, ana n'kubwereza onse pamodzi ngati kwaya. Pofika Sitandade 5 pafupifupi phunziro lililonse lili m'Chingerezi, ndipo mwana uja amaphunzira luso limene adzakhale nalo mpaka imvi: kutchula molimba mtima zinthu zosazimva.

Mwanayo wakula tsopano. Ali pa desiki ya kampani yobwereketsa ndalama, kapena akugulitsa munda, kapena m'bale wake akulowa ku fiyeta ndipo pakufunika wosainira. Amupatsa pepala la masamba atatu. Aliyang'ana, milomo ikugwedera, n'kusaina. Amayi ake, amene sukulu sanaiponde, amadinda chala. Funso langa kwa inu sabata ino ndi ili: munthu ameneyu wavomera?

Kawirikawiri khoti limayang'ana siginecha, ndipo lili ndi zifukwa zake. Aliyense atamaloledwa kubwera mawa n'kunena kuti "ine sindinamve", palibe pangano limene lingaime. Ena mwa inu munenanso kuti munthu wamkulu ali ndi pakamwa, bwanji osafunsa? Mfundo imeneyi sindikuitaya. Pali anthu amene amasaina mwadala maso ali pa ndalama, n'kudzayamba kulira umbuli tsiku lolanda katundu.

Koma tiyeni tiganizeko za mawu oti kumva. Kwathu kuno mawu amodzi omwewa amasenza katundu wambiri. Timamva ndi khutu, timamva kuwawa, timamva tanthauzo, ndipo mwana wosamva si gonthi ayi, ndi wamwano. Ndiye bwana wovala tayi akafunsa kuti "Mwamva, mayi?", mayi aja amamva funso lina: kodi ndinu munthu waulemu? Yankho lake ndi "Eee, bambo." Tinaleredwa choncho. Kunena kuti "sindinamve, bwerezani" pamaso pa munthu wophunzira, anthu ali pamzere kumbuyo kwako, kumafuna mtima umene ambirife tilibe. Inu nomwe, ndi MSCE yanuyo, ndi kangati munagwedeza mutu kwa dokotala kenako n'kukafunsa mlonda pa geti?

Wogwira pepala uja zimenezi amazidziwa. Amadziwa kuti "eee" ameneyo ndi ulemu chabe. Ndipo apa ndi pamene ine ndimaika mlandu. Mwa anthu awiriwo, mmodzi akudziwa zimene zalembedwa, akudziwanso kuti mnzakeyo sakudziwa. Ngati kusamva kwa mnzakeyo kukum'pindulira, n'kungokhala chete, ndiye kuti wanama ngakhale kuti sanalankhule bodza ndi limodzi lomwe. Chilichonse chili papepala, inde. Chiwongoladzanja chalembedwa, tsiku lolanda njinga lalembedwa. Koma chalembedwera ndani? Njira yoyesera ilipo, ndipo sidya ndalama: m'malo mofunsa "mwamva?", kunena kuti "tandiuzani m'mawu anu, mukalephera kubweza mwezi wa mawa chichitike n'chiyani?" Amene safuna kufunsa funso limeneli nthawi zambiri yankho lake amaliopa.

Musandiuzenso zoti anthu a kumudzi sangamve zinthu zozama. Pa 14 June 1993 anthu ambirimbiri osadziwa chilembo ndi chimodzi chomwe anakaima pamzere kusankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo oposa 60 pa 100 aliwonse anasankha nyali, kutanthauza zipani zambiri. Nkhani ya kayendetsedwe ka dziko ndi yovuta kuposa ngongole ya feteleza. Anaimva chifukwa panali anthu amene ankafunitsitsa kuti imveke, n'kuifotokoza m'chilankhulo cha eni ake, m'matchalitchi, m'misika, pa wailesi.

Ndikudziwa kuti wina m'gulu lino wayamba kale kundiloza chala. Nanga ife alembi? Si ife timanyadira kubisa tanthauzo m'zining'a ndi m'mikuluwiko? Ndakatulo ikamveka msanga timati ndi yosapsa. Alembi a ku Chancellor College m'zaka za m'ma 1970 ankabisa mawu mwadala, pogwiritsa ntchito nthano ndi nyama, chifukwa kulankhula poyera kunali kuitana ndende. Kodi iwonso tiwaike gulu limodzi ndi wa katapila?

Ayi, ndipo kusiyana kwake n'kosavuta. Ndakatulo imabisa kuti muifunefune, ndipo mlembi amakondwa mukaitulukira. Pangano lachinyengo limabisa kuti musafunefune, ndipo mwini wake amakhumudwa mukalitulukira. Ndakatulo ikakudutsani simutaya mbuzi.

Komatu nkhani ya alembi aja ili ndi mbali ina imene imandisowetsa mtendere. Buku la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981. Patapita zaka zochepa linachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu, ndipo mu 1987 mwini wake anatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, mpaka 1991. Amene anachotsa bukulo sanali ongotchula zilembo. Anaona kuti bilimankhwe uja si wa m'tchire. Mayeso a kumvetsa nkhani akanakhoza bwino lomwe. Ndiye kumva tanthauzo pakokha sikum'sandutsa munthu kukhala wabwino. Wa katapila uja nayenso pangano lake amalimva mpaka kadontho komaliza.

Zikatere funso limasuntha pang'ono. Ambiri a ife m'mabanja mwathu ndife owerengera ena. Kale mwana wa sukulu ankawerengera agogo kalata yochokera ku migodi ya ku Joni, ndipo zinali kwa iye kutchula mzere wowawa uja kapena kuulumpha. Lero akupatsani foni kuti "tandionereni uthengawu", kapena kathumba ka mankhwala kolembedwa 2 x 3. Mumawauza kuti awiri, katatu patsiku, n'kubwerera ku WhatsApp. Kenako agogo amafunsa ngati angamwe onse asanu ndi mmodzi madzulo, popeza m'nyumba muno chakudya chimaphikidwa kamodzi. Papepalapo yankho lake palibe, chipatala chili kutali, ndipo akuyang'ana inu.