Kodi Kunenepa Ndiko Kukhala Bwino?

Pali malonje amene amveka m'midzi mwathu monse, ndipo palibe aipidwa nao. Mkazi akabwera kudzaona makolo ace atakhala ku ukwati caka cathunthu, azakhali ace amgwira pamkono, namtembenuza uku ndi uku, nati, "Koma wanenepatu, mwanawe! Akukusunga bwino amuna ako." Mwamuna akabwera kucokera ku nchito ku Johannesburg mimba iri patsogolo, anzace ati wapeza bwino. Tsono tifuna kufunsana nanu, awerengi, ngati mau awa akali oona lero lino. Ndipo funsoli siliri la dokotala yekha ai, pakuti likhudza cikondi, ndi ulemu, ndi mangawa amene tiri nao kwa iwo akudya m'mbale zathu.

Poyamba tinene poyera kuti makolo athu sanapusa poyamika kunenepa. Mphunzitsi wao anali njala. Akalipo akuru ena amene anaona njala ya 1949, pamene mvula inakana kumwera kwa dziko lino. Ndipo ambiri a ife tikumbuka ya 2002, anthu akudya gaga ndi zitsa za nthoci. M'dziko lotere thupi ndilo nkhokwe imene mbala siingathe kuboola: wokhala ndi mafuta pang'ono pansi pa khungu anafika ku masika, woonda nalefuka cimanga cisanace. Mwambi uja wakuti papsa tonola sudziwa mtima wa moto unabadwa pakati pa anthu osadziwa ngati mawa adzadya. Pambuyo pace inadza Edzi, imene anthu anaicha kaliwondewonde, ndipo kuyambira pamenepo kuonda kunasanduka cinthu ca manyazi. Munthu akatsika thupi, anansi anong'onezana kuseri. Kufikira lero alipo amai amene namwino awauza kuti acepetse thupi cifukwa ca mtima wao, koma iwo aopa pakamwa pa anthu koposa kuopa nthenda.

Koma nyengo yatembenuka, malonje aja osatembenuka nayo. Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linawerenga kuti m'caka ca 2022 munthu mmodzi mwa 8 ali onse pa dziko lapansi anali wonenepa kufikira pamene madokotala akuyesa nthenda. Wina adzati izo nza azungu. Koma kafukufuku wa boma lathu wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti akazi 21 mwa 100 ali onse a zaka 15 kufikira 49 analemera kupitirira muyeso, ndipo m'kafukufuku yemweyo ana 37 mwa 100 osafika zaka 5 anali opinimbira. Taonani ziwerengero ziwirizi pamodzi. Nthawi zina zikomana m'nyumba imodzi: mai wa thupi lalikuru, ndi mwana wa zaka zinai wooneka ngati wa ziwiri, onse akudya m'mphika umodzi.

Cinsinsi cace ciri mumphikamo. Nsima ya ufa woyera ikhutitsa msanga, koma pokonola ndi pobviika cimanga tataya gaga ndi kamtima kace, momwe munali mbali yaikuru ya zomanga ndi zoteteza thupi. Mitanda ikakhala itatu, ndiwo nkukhala zongopakira, nkuonjezapo tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi, wamkuru alandira mphamvu yoposa imene nchito yace ifuna, ndipo yotsalayo thupi liiunjika ngati mafuta. Mwana, amene mimba yace nja nkhonya yace yomwe, adzazidwa ndi phala lamadzi, nagona wokhuta, koma mafupa ace ndi ubongo wace zagona ndi njala. Munthu akhoza kukhuta tsiku ndi tsiku osadyetsedwa konse.

Cifukwa cace diso lokha silikwanira kuweruza mlandu uwu, ndipo pa ana linyenga koopsa. M'caka ca 1933 dokotala wamkazi, Cicely Williams, akugwira nchito ku Gold Coast, kumene lero ndi Ghana, analongosola nthenda ya ana otupa mapazi ndi masaya, tsitsi lao lofiirira ndi lothothoka. Ndipo mu 1935 anaicha dzina limene anthu a komweko anaichula nalo, kwashiorkor, ndilo nthenda ya mwana wocotsedwa kubere pobwera mng'ono wace. Kwathu kuno ambiri anaiyesa tsempho, nafunafuna wolakwa pakati pa makolo. Ena poona masaya odzaza anati mwana wanenepa. Koma si mafuta amenewo, ndi madzi. Dinikizani cala cacikuru pamwamba pa phazi lace, muwerenge kufikira katatu. Pakatsala kadzenje pa mapazi onse awiri, mwanayo apite kucipatala tsiku lomwelo. Kusikelo kuli lamba wa mitundu itatu woyesera mkono wa mwana wa miyezi 6 kufikira zaka 5: mkono ukacepera masentimita 11.5 lamba aonetsa kufiira, ndiko kuti moyo uli pangozi. Mai wopita ndi mwana kusikelo mwezi ndi mwezi, nayang'ana mzere wa kakulidwe m'buku lace la cipatala, aona zimene azakhali sangathe kuziona pomnyamula m'manja.

Akuru nao ali ndi muyeso wao. Unayamba ndi munthu wa masamu wa ku Belgium, Adolphe Quetelet, m'zaka za m'ma 1830, ndipo lero uchedwa BMI. Atenga kulemera kwa munthu m'makilogalamu, nagawa ndi msinkhu wace m'mamita, nagawanso ndi msinkhu womwewo. Yankho likakhala pakati pa 18.5 ndi 25 kuli bwino. 25 ndiko kuyamba kupitirira. 30 ndiko kunenepa kwa nthenda. Cotero mai wa msinkhu wa mamita 1.6 ali pabwino kuyambira makilogalamu 48 kufikira 63, ndipo akafika 77 walowa m'gulu lomarizalo. Muyesowu suyenera mai wapakati, kapena mwana, kapena mnyamata wa minofu ya khasu. Ndipo kwa ife a kumudzi, amene sikelo iri kutali, pali njira ina yosalira ndalama: dulani cingwe cofanana ndi msinkhu wanu, mucipinde pawiri, ndi kucizunguliza pamimba, pamwamba pang'ono pa mcombo. Nsonga zikakana kukomana, mafuta a pamimba acuruka, ndipo amenewo ndiwo abwenzi a matenda a shuga ndi kuthamanga kwa mwazi. Nthenda yaciwiriyi kawirikawiri siipweteka pali ponse. Munthu amva bwino kufikira m'mawa umene adzuka mkono ndi mwendo zitafa.

Tsono tifike pa funso lobvuta: kodi wonenepa ndi wocimwa? Alipo ofulumira kunena kuti ndi umbombo basi, wosusuka akolola cimene anafesa. Ife sitibvomerezana nao. Kususuka kulipo ndithu, ndipo sitikuyamika. Koma mverani ici. M'nyengo yacisanu ya 1944 ndi 1945, nkhondo iri mkati, kumadzulo kwa dziko la Holland kunagwa njala yaikuru. Mu 1976 kunasindikizidwa zimene akatswiri anapeza poyesa anyamata pafupifupi 300,000 a m'dzikomo pa zaka 19: amene njala inawapeza ali m'mimba mwa amao miyezi yoyamba ananenepa kopitirira kuposa anzao. Thupi lophunzira njala lisanabadwe lisunga ciri conse likacipeza. Ngati ziri tero, mai wonenepa amene timseka lero kapena ndiye mwana wa njala ya dzana, ndipo mwana wopinimbira wa lero akhoza kudzadwala shuga atakula. Onjezanipo mtundu wa m'banja, ndi mankhwala ena amene aonjeza thupi, ndi mtengo wa zinthu pamsika, pamene cigumu ndi cipisi zitsika mtengo kuposa dzira ndi nsomba. Woseka mnzace wonenepa ndi wonong'oneza za mnzace woonda ali ndi cirema cimodzi: onse awiri aweruza moyo wa munthu ndi maso.

Koma kusamtonza munthu sikutanthauza kumsiya. Ndipo pano mlandu ubwerera kwa wophika ndi wolandira alendo, pakuti pakati pathu munthu sadzigawira yekha. Mlendo akakana mtanda waciwiri tiyesa cipongwe. Pa ukwati ndi pa msonkhano wolemekezeka ndiye apatsidwa botolo la zakumwa zotsekemera, m'mene muli shuga wokwana timasupuni tating'ono pafupifupi 8, pamene bungwe lija lilangiza kuti wamkuru asapitirire 12 tsiku lonse, ndi kuti 6 ndiko kwabwino koposa. Mcere nao ati usafike kasupuni kamodzi pa tsiku. Ulemu wotani uwu, wopatsa wamkuru wodwala shuga cinthu cimene cidzamcotsa maso ndi phazi, cifukwa coopa kuti anthu adzati ndife oumira? Nkutheka kuti cikondi cathu ca pamphika cisamalira mbiri yathu koposa moyo wa mlendoyo.

Sitinena kuti ticepetse kuolowa manja ai. Cakudya sicicepa, cicepa ncobvala, anatero akale, ndipo mau ao akhale. Tinena kuti kuolowa manjako kusamuke, kucoke pa msinkhu wa nsima kupite pa kucuruka kwa mitundu. Alangizi a zaumoyo m'dziko lino aphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za nyemba, za nyama, za masamba, zipatso, ndi za mafuta, ndipo cotidabwitsa ncakuti magulu onsewa ali kale kudimba, kuchire ndi kunyanja. Mgaiwa, mapira ndi mbatata. Nandolo, khobwe ndi nzama. Usipa wodyedwa ndi minga yace, ngumbi, mazira. Bonongwe, cisoso ndi nkhwani wotendera. Masuku, malambe, mapapaya ndi mango pa nyengo yace. Zambiri za izi anthu opeza bwino anazisiya pozicha zakudya za amphawi, nagula ndi ndalama zao matenda amene agogo ao sanawadziwe.

Ndipo wofuna kutsika thupi asayese kuti afunika kuonda ngati bango. Ku America mu 2002 kunalengezedwa za anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala shuga. Ena mwa iwo analangizidwa kutsitsa magawo 7 mwa 100 a kulemera kwao ndi kuyenda mofulumira mphindi 150 pa sabata, ndipo pakati pao odwala anacepa ndi 58 mwa 100 poyerekeza ndi osalangizidwa. Kwa munthu wa makilogalamu 80 kumeneko ndi kutaya 5 kapena 6 okha. Wolima ndi wotunga madzi mphindi zimenezo azikwaniritsa osadziwa. Mau awa apite kwa mphunzitsi, wa sitolo, ndi bambo amene cigulire njinga yamoto sanapondenso njira ya kumsika. Mitanda itatu isanduke iwiri, ndiwo zicuruke, shuga wa mu tiyi atsike pang'ono pang'ono kuti lilime lizolowere. Mankhwala otsegula m'mimba ogulitsidwa m'misika ngati ocepetsa thupi acotsa madzi okha, nasiya mafuta pomwe anali.

Msinkhu uli wonse uli ndi gawo lace. M'mera mpoyamba: khanda liyamwe bere lokha miyezi 6, osapatsidwa ngakhale madzi, ndipo lipitirize kuyamwa kufikira zaka ziwiri likudya phala lolimba la mgaiwa lothira nsinjiro, dzira kapena usipa wosinja. Mwana wonenepa kopitirira asamanidwe cakudya monga wamkuru; mcotsereni zotsekemera, mumlole asewere, msinkhu udzatenga thupilo. Koma pa nkhalamba muyeso utembenuka. Agogo akayamba kutsika thupi osafuna, nsaru nkumazungulira kawiri m'ciuno, si cinthu cokondwera naco, ndipo ayenera kukaonedwa kucipatala. Kawirikawiri cifukwa cace ciri pafupi: mano anatha, nyama ndi mtedza sizitafunika, ndipo adzukuru atha ndiwo m'mbale iwo akali pa mbamu yoyamba. Agogo otere apatsidwe mbale yaoyao, ya nyemba zophikidwa kufikira zitafewa, cipere, dzira, ndi masamba otendera.