KHUTBAH YA JUMU'AH: Kodi mtsogoleri wokhulupirika ayenera kudzifotokoza?

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, pa akubanja lake ndi pa maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, mwezi wathawu, titatha swala ya Asr, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina anatsalira kuti andione. Sindimutchula dzina. Anandiuza kuti: "A Shehe, Allah ndiye mboni yanga, sindinadyepo metikali imodzi ya sukulu. Koma ndikalowa m'chipinda cha aphunzitsi, nkhani imaduka. Ndiwafotokozerenji anthu oganiza zoipa?" Ine ndimamudziwa, si wakuba. Funso lake ndi limene ndabwera nalo pa mimbari lero, chifukwa pa mikeka iyi pakhala akulu a masukulu, aphunzitsi ndi makolo.

Kumbukirani zimene analemba Imam Bukhari ndi Imam Muslim. Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) anali pa itikafu mu mzikiti wa ku Madina m'masiku 10 otsiriza a Ramadan. Mkazi wake Safiyya anadzamuona usiku, ndipo pobwerera Mtumiki anamuperekeza. Amuna awiri a mwa Ansar anawaona nafulumiza mapazi. Mtumiki anawaimitsa nawauza kuti mayiyo ndi mkazi wake Safiyya. Iwo anadabwa, poti sankamukayikira. Iye anawafotokozera kuti anaopa kuti Shaitani angaponye choipa m'mitima mwawo.

Taganizani bwino. Uyu ndi munthu amene Makka yonse inkamutcha Al-Amin asanalandire n'komwe chivumbulutso. Palibe anamufunsa. Sanaone kuti ulemu wake watsika pofotokozera anthu odutsa m'njira. Nanga ine ndi inu ndife yani kuti tizinena kuti mtima wanga ndi woyera, basi zakwana? Mtima amauona ndi Allah yekha. Anthu amene mukuwatsogolera amaona chitseko cha ofesi chotseka.

Chitsekocho chimabisa zinthu zimene tonse tikuzidziwa. Kuyambira 2003 boma limatumiza ku masukulu ndalama za Apoio Directo às Escolas, zogulira choko, makope ndi zina zotero, ndipo Conselho de Escola iyenera kutengapo mbali pa kagwiritsidwe kake. Ndalamazi zimachedwa nthawi zina, ndipo si mkulu wa sukulu amene amazichedwetsa. Koma ngati aphunzitsi sanauzidwe kuti zabwera zingati, liti, ndipo zagula chiyani, iwo adzawerengera okha, ndipo m'masamu a munthu amene wasowa choko mtsogoleri amatuluka wakuba. N'chimodzimodzi ndi ndalama za horas extras, zimene aphunzitsi akhala akuzidandaula m'dziko lonse chiyambire Tabela Salarial Única mu 2022. Mkulu wa sukulu ya ku Mandimba sangatsegule thumba la ku Maputo. Chimene angathe ndi kuika poyera mndandanda umene anatumiza, aliyense aone dzina lake ndi maola ake. Pogawa makalasi ndi nthawi zophunzitsa, anene njira imene watsata asanatchule mayina. Akulu a maphunziro nawonso, potumiza wina ku sukulu yakutali ya ku Ngauma kumene galimoto silifika nthawi ya dzinja, wina n'kumusiya pafupi ndi msewu wa tala, afotokoze chifukwa chake. Zimenezi zikukhudzanso akulu a masukulu aukachenjede, monga ya zaulimi ya Universidade Católica ku Cuamba. Madigiri satseka pakamwa pa Shaitani.

Wina anena kuti: ndinawatsegulira, ndinawafunsa maganizo, koma anandigwetsa. Zimachitika ndithu. Pa Uhud, chaka cha 3 cha Hijra, Mtumiki ankafuna kuti Asilamu adikire adani mumzinda, koma anatsata maganizo a ambiri natuluka. Oponya mivi ambiri anasiya malo amene anawaikapo, ndipo Asilamu pafupifupi 70 anaphedwa, pakati pawo Hamza, m'bale wa bambo ake. Zitatha zonsezi, ndime 159 ya Surat Al Imran inamulamula kuwakhululukira anthu omwewo, kuwapemphera chikhululuko ndi kupitiriza kukambirana nawo. Chilolezo choti aziyendetsa zinthu yekha sanapatsidwe.

Inu aphunzitsi, musatuluke muno mukuti a Shehe atimenyera nkhondo. Surat Al-Hujurat ikutiletsa kuchulutsa zoganizirana ndi kudya miseche. Mkulu wanu akaika pepala pakhoma, liwerengeni, ndipo chimene simunamvetse mukamufunse pamaso. Kunong'onezana pansi pa mtengo wa mango sikunabwezepo ndalama ya munthu.

M'bale wathu uja ndinamuuza kuti aitane aphunzitsi ndi a Conselho, ayale malisiti onse patebulo, ngakhale a misomali. Anadandaula kuti zidzaoneka ngati akuzengedwa mlandu. Ndinati inde, tsiku loyamba zidzawawa. Wandiuza kuti msonkhanowo wauika Loweruka likudzali. Mukumbukeni m'madua anu.

Ndanena mawu angawa, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah pa ine ndi pa inu.