Khutba ya Jumu'a: Chotupa cha m'bere sichifunsa zaka

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mlengi wa matupi ndi mizimu, amene amayesa akapolo Ake ndi matenda mwa nzeru Zake, nawapatsa mankhwala mwa chifundo Chake. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndipo tikuikira umboni kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa maswahaba ake, ndi pa onse owatsatira kufikira tsiku lachiweruzo.

Akapolo a Allah, tikudzilangiza tokha ndi kukulangizani inu kuti tiope Allah poyera ndi mseri momwe.

Lero titchula chiwalo chimene mwambo wathu sulola kuchitchula pagulu la amuna ndi akazi. Mutikhululukire, akuluakulu. Qur'an yolemekezeka imakamba za kuyamwitsa zaka ziwiri popanda kuzemba, ndipo tonse tili muno tinakulira pa bere la mayi. Nkhani yathu ndi khansa ya m'mawere, imene kuchipatala amaitchula kuti cancro da mama. Aarabu amati saratan, kutanthauza nkhanu, ndipo dzina la Chipwitikizi nalonso linachokera ku nkhanu yomweyo, chifukwa asing'anga akale anaona mitsempha yotupa itatambasuka kuzungulira chotupa ngati miyendo ya nkhanu.

Chichokereni Ramadhani yapitayi taswalira majeneza awiri a alongo athu amene anapita ndi nthendayi. Mabanja awo atilola kufotokoza popanda kutchula mayina.

Woyamba anali ndi zaka 34, ndipo wasiya mwana wongoyamba kuyenda. Iye yekha ndi amene anachipeza, akuyamwitsa: kambulu kolimba ngati njere ya mtedza, kosapweteka. Anauza apongozi ake, iwo nati, "Ndi mkaka waundana, uthowe ndi madzi ofunda." Anauza mwamuna wake, iye nati, "Ukadali mwana iwe, khansa ndi ya nkhalamba." Anapita kuchipatala china chaching'ono, komwe anampatsa mapiritsi opha ululu ndi kumuuza kuti adzabwerenso chikayamba kupweteka. Chotupacho sichinapweteke, choncho iye sanabwerere. Patapita miyezi khungu la berelo linayamba kuoneka ngati khungu la lalanje, ndipo achibale anamtengera kwa sing'anga, amene anamtema mphini ndi kuloza chala mnansi wawo. Pamene ankafika kuchipatala chachikulu cha provinsiya panali patadutsa miyezi 14, nthenda italowa kale m'mafupa a msana. Taonani, abale, kuti mayi ameneyu sanabise kanthu. Analankhula katatu konse, ndipo katatu konseko anatontholetsedwa ndi anthu omufunira zabwino.

Wachiwiri anali agogo a zaka 61. Iwo anaganiza kuti popeza anasiya kale kubereka ndi kupita kumwezi, matenda a m'bere anawadutsa. Amene ankawasamala anali mwana wawo wamwamuna, ndipo manyazi anawaletsa kumuuza. Anafunda kapulana mpaka m'khosi, chilimwe ndi dzinja, kufikira fungo la chilonda linawaulula.

Wina anachedwa chifukwa anamuyesa wamng'ono, wina chifukwa anadziyesa wokalamba. Tsono zaka zenizeni za nthendayi ndi ziti? Madokotala amati chiopsezo chimakula pamene munthu akukula, ndipo ku Ulaya amayi ambiri amapezeka nayo atadutsa zaka 50. Kuno kwathu zipatala zimalandira amayi ochuluka a zaka za m'ma 30 ndi m'ma 40, oyembekezera ndi oyamwitsa omwe. Chimodzi mwa zifukwa zake nchakuti mtundu wathu ndi wa anthu aang'ono: pafupifupi theka la anthu a m'Mozambique sanafike zaka 18, kotero amayi achikulire ndi ochepa poyerekeza ndi kwa Azungu. Mayi asadzitonthoze kuti kubanja kwawo kulibe amene anadwalapo, pakuti bungwe la zaumoyo padziko lonse, OMS, likunena kuti pafupifupi theka la odwala analibe chiopsezo china kupatula kukhala mkazi ndi zaka zawo. Kuyamwitsa kumachepetsa chiopsezo koma sikuchichotsa. Ndipo inu abambo musaweramitse mitu ngati sizikukukhudzani: pa odwala 100 alionse, pafupifupi mmodzi amakhala mwamuna.

Bungwe lomwelo linawerengera kuti m'chaka cha 2022 amayi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere padziko lonse, ndipo 670,000 anamwalira nayo. M'dziko lathu ndi yachiwiri kwa khansa ya khomo la chiberekero pakati pa amayi. M'maiko olemera, amayi oposa 90 pa 100 alionse amakhala akadali moyo zaka 5 atapezeka nayo. Kwathu ambiri amafika kuchipatala nthenda ili pa gawo lachitatu kapena lachinayi, itayanga kale mizu. Kumeneko makina amaipeza munthu asanamve chilichonse. Kuno makina otere ali m'mizinda yowerengeka, ndipo woyamba kuipeza ndi dzanja la mayi mwini wake. Chimene chimasiyanitsa moyo ndi imfa kawirikawiri ndi miyezi ya pakati pa tsiku limene dzanjalo lakhudza chotupa ndi tsiku limene dokotala wachiyeza. Miyezi imeneyo ili m'manja mwathu, ife amuna, apongozi, ana, ngakhale ife mashehe.

Tikudzitchula ife mashehe chifukwa tamva mawu akuti, "Zonse ndi za Allah, tingopirira," akunenedwa kwa mayi amene akanachira. Pamene Khalifa Umar ibn al-Khattab (Allah asangalale naye) ankapita ku Sham, anamva ali ku Sargh kuti kutsogolo kwagwa mliri, ndipo analamula kuti abwerere. Abu Ubayda anamufunsa ngati sakuthawa chikonzero cha Allah. Umar anamuyankha ndi fanizo la mbusa wa ngamira amene watsikira m'chigwa cha mbali ziwiri, ina ya msipu ina youma: kulikonse kumene angadyetse ndi chikonzero cha Allah, koma mbusa wanzeru amasankha ya msipu. Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) atafunsidwa ndi Aarabu a m'chipululu ngati kufuna mankhwala nkololedwa, anawalamula kuti aziwafuna. Sa'd ibn Mu'adh atalasidwa pa nkhondo ya Khandaq, m'chaka cha 5 cha Hijra, anagonekedwa mu hema la Rufaida, mayi wosamala ovulala, limene linali pa mzikiti wa ku Madina. Dua ndi ruqya timachita, ndipo tizichita, koma tizichita tili m'njira ya kuchipatala. Zolozana ufiti ndi kumangira zithumwa pa chotupa zimadya iman ya banja pamene nthenda ikudya thupi la mayi.

Nanga za manyazi? Manyazi ndi nthambi ya iman, ndipo sitikuuza mlongo wathu aliyense kuti awataye. Koma mayi wa okhulupirira, Aisha (Allah asangalale naye), anayamikira akazi a Ansar chifukwa manyazi sanawaletse kufunsa za chipembedzo chawo, ndipo anawayamikira pamene mmodzi wa iwo anafunsa Mtumiki za kasambidwe ka mkazi akachoka kumwezi. Ma ulama a bwalo lalikulu la fiqh la maiko a Chisilamu, atakumana ku Brunei m'chaka cha 1993, anagamula kuti mkazi ayezedwe ndi dokotala wamkazi ngati alipo, Msilamu kapena wina wokhulupirika. Akasowa, dokotala wamwamuna ndi wololedwa, aone pokhapo pofunika kuona, mwamuna wa mayiyo, mbale wake kapena mkazi wodalirika ali pomwepo. Mwamuna amene akuletsa mkazi wake kuyezedwa ponena kuti akusunga ulemu wa nyumba yake asanamizire Sharia. Ndi nsanje yake imeneyo, ndipo adzafunsidwa za amana imene Allah anamusungitsa.

Tikunena mawu athuwa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mpempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa ndi kwa Allah, madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Alongo athu olemekezeka, Chisilamu chinakupatsani kale nthawi yoyenera. Mawere amafewa patapita masiku ochepa mkazi atachoka kumwezi, ndipo ndi nthawi yomweyo imene mumasamba ghusl, yomwe imafuna kuti madzi afike paliponse. Dzanja likadutsa pa bere ndi m'khwapa lisathamange. Amene munasiya kusamba kumwezi, sankhani tsiku looneka mwezi watsopano. Chofuna ndi kudziwa m'mene thupi lanu limakhalira, kuti chikasintha muzindikire: chotupa cholimba ngakhale chisapweteke, mwanabere wa m'khwapa wosatha, khungu lolowa m'kati kapena lokhakhala, nsonga ya bere yobwerera m'kati, magazi kapena madzi otuluka okha, chilonda chosapola. Zotupa zambiri sizikhala khansa, koma palibe amene angazisiyanitse ndi maso, kaya ndi shehe, kaya ndi nankungwi.

Pitani sabata yomweyo kuchipatala chapafupi, kumalo a amayi ndi kulera, kumene anamwino amayeza mawere. Akakuuzani kuti mudikire chifukwa ndinu wamng'ono, chotupa nkusachoka mwezi utatha, bwererani ndipo mupemphe mwaulemu guia yopita nayo kuchipatala chachikulu, kumene amaunika ndi makina ndi kutapa kanyama kokayeza. OMS imati zonsezi zisapitirire masiku 60 kuchokera pa ulendo woyamba. Mukawerenge masikuwo, abambo, monga muwerengera masiku a ngongole.

Njira ndi yaitali, sitikubisirani. Wochokera ku Metangula, ku Ulongwe kapena ku Milange angatumizidwe ku Nampula, ku Beira kapena ku Quelimane, ndipo chithandizo chowotcha ndi makina, radioterapia, chinayamba ku Hospital Central de Maputo m'chaka cha 2019. Ndalama ya chapa yabweza amayi ambiri. Wodwala wosauka ali ndi gawo mu zakaat, ndipo tikupempha makomiti a mizikiti kuti aike padera thumba la maulendo otere, losungidwa ndi amayi awiri odalirika, kuti mlongo asachite kufotokoza za m'thupi mwake kwa amuna asanu asanathandizidwe.

Pali mlongo wathu wachitatu. Anachipeza akusamba ghusl ali ndi zaka 42, anauza mwamuna wake usiku womwewo, ndipo m'mawa mwamunayo anagulitsa mbuzi ziwiri. Anamuchotsa bere, tsitsi linathothoka ndi mankhwala, Ramadhani imodzi anamasula monga Sharia imalolera wodwala. Achibale ananong'oneza mwamunayo kuti afune mkazi wina wathunthu, iye anawabweza pakhomo. Papita zaka 6, ndipo mayiyo amaphunzitsa ana kuwerenga Qur'an kumadrasa. Watipempha tikuuzeni kuti aliyense wofuna kuperekezedwa kuchipatala akamufunse kudzera kwa atsogoleri a amayi.

E Allah, Mbuye wa anthu, chiritsani odwala athu amene tikuwadziwa ndi amene akudwala mwakachetechete. Akhululukireni alongo athu awiri aja, muwakulitsire manda awo, mulere ana amene asiya. Limbitsani manja a anamwino ndi madokotala, fewetsani mitima ya amuna pa akazi awo, ndipo mutikhululukire ife pa mawu aliwonse amene tinachedwetsa nawo wodwala. Tsitsani mtendere pa dziko lathu la Mozambique. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad ndi akubanja kwake. Amin.

Imirirani tiswali.